Safia pa Mzere wa Zidakwa

Safia anali pathandala akutembenuza utaka pamene galimoto ija inatsika msewu wafumbi wopita kudoko la Kamsangu. Inali yoyera, yaitali ngati basi, pamwamba pake atayalapo masola. Koma amene anaipenta, kaya anali ndani, mutu wake sunkayenda bwino ayi. M'mbali monse anajambulamo chibotolo cha mowa, pambali pake chiwindi cha munthu, ndipo pansi analemba zilembo zoti ngakhale wa maso ofooka awerenge ali patali: KAFUKUFUKU WA MOWA NDI THANZI. Injini isanazime n'komwe, amayi a pathandala anali ataipatsa kale dzina.

"Yabwera galimoto ya zidakwa!"

Dzina likatuluka pathandala silibwereranso, olo mulembe kalata kuboma.

M'galimotomo munatsika mayi wamfupi wovala gauni yoyera, chimkuzamawu chili m'manja. Anati dzina lake ndi Chisoni, ndipo ndi namwino. Anayankhula modekha ngati munthu wozolowera kusekedwa.

"Abale, boma laika ndalama kuti akatswiri ofufuza za mowa ndi matenda asamavutike kugula makina aliyense payekha. Lagula amodzi abwino kuti tonse tizibwerekana, ndipo ndi awa. M'kati muno muli makina ounika chiwindi. Tikajambula, dokotala wa ku Lilongwe akuona chithunzicho nthawi yomweyo. Tili pano lero ndi mawa basi. Tikachoka pano tipita ku Chipoka, kenako kumwera uko, ndipo kuno tidzabweranso chaka chamawa. Tikufuna akumwa ndi osamwa omwe, kuti tiyerekeze. Ndi zaulere."

"Osamwa akalowemo kukatani?" anakuwa msodzi wina ali pa boti. "Kukaphunzira?"

Doko lonse linafa nacho chiseko. Safia yekha ndi amene sanaseke. Mwa mawu onse aja iye anatolamo atatu okha, makina ounika chiwindi, ndipo anapukuta manja pachitenje n'kusiya utaka wake padzuwa.

Amuna ake, Che Binali, anali munthu wodziwika kuyambira padokopo mpaka ku Lifuwu. Pachilumba cha Mbenji mowa suloledwa, ndi lamulo la makolo, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi awiri ntchito yosecha maboti opita kuchilumbako inali ya Che Binali. Asodzi ndi anthu a nzeru, musawaone kununkha nsomba. Kachasu ankamuthira m'zigubu za petulo, m'mabotolo a mafuta ophikira, ena kumukwirira m'thumba la ufa. Wina mpaka anamangirira chigubu kunsi kwa boti kuti chiziyenda m'madzi ngati kampango. Che Binali ankangoyenda m'botimo akununkhiza, kenako n'kuloza ndi chala. Akapeza, sankabisa. Ankaitana mwini wake, n'kumathira kachasuyo pamchenga pang'onopang'ono, mwini wakeyo akuona mpaka dontho lomaliza. Anthu ankawalemekeza, koma musanamizidwe, owakonda anali ochepa.

Tsono chaka chimenecho, mvula itangosiya, mimba ya Che Binali inayamba kukula pamene manja ndi miyendo zikuuma. Maso anachita chikasu. Masabata awiri m'mbuyomo anasanza magazi. Kuchipatala chapafupi anawapapasa ndi manja n'kunena kuti ndi chiwindi, koma kuti adziwe zimene zikuchitika m'katimo pankafunika makina a ku Lilongwe. Tsiku limene anawalembera linali la miyezi inayi kutsogolo.

Nanga aja anatayiridwa kachasu akanakhala chete? Anapeza nyimbo. "Theka ankathira pamchenga, theka linalo pakhosi. Chiwindi sichinama." Ankanena monong'ona, koma kunong'ona kwa padoko kumamveka tsidya.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Safia, chimene sakanauza ngakhale mayi ake omubala, n'chakuti mawu amenewa anali atapeza kampata mwa iye mwini. Sanaonepo kanthu. Sanamvepo fungo. Koma mwamuna amene amachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litapendeka, ungalumbire kuti ukudziwa zake zonse? Ankadzida chifukwa cha funso limeneli, koma funsolo silinkachoka.

Atafika kunyumba anapeza Che Binali ali gone pamphasa pakhonde, mimba ili tuu pansi pa malaya. Pampando panali akulu awo, Che Haruna, a m'komiti ya mzikiti, akuwerenga mikanda yopempherera ya tasibihi.

"Bambo a Hasina," anatero Safia asanakhale n'komwe, "makina aja ankanena kuchipatala abwera okha. Ali kudoko."

"Ndamva."

"Ndiye tiyeni. Ndikaitane kabaza."

Che Haruna anasiya tasibihi. "Alamu, mukunena galimoto yojambula botolo ija?"

"Yomweyo."

"Astaghafirullah! Munthu amene amaima mzere woyamba mumzikiti akaime mzere umodzi ndi anthu ogona m'ngalande? Mwaganiza bwino?"

"Akuti akufunanso osamwa."

"Akuti! Pagalimotopo ajambula munthu wosamwa? Ine ndaona botolo, ndipo doko lonse laona botolo."

Che Binali anadzuka movutikira n'kutsamira khoma. Mawu awo anali atachepa, koma kuuma kwake kunali komwe kuja.

"Mayi a Hasina, khalani pansi mumve. Ine ndilibe boti, ndilibe ukonde. Chimene ndapata padoko paja zaka zonsezi ndi dzina basi. Ndikakwera masitepe a galimoto ija, aja ndinawatayira mowa adzati, taonani, wadzipereka yekha. Akadzatero, ndi boti liti lidzalolenso kusechedwa? Ntchito yonse ija idzakhala nthabwala. Ndidikira tsiku langa la ku Lilongwe, Inshallah."

"Miyezi inayi?" Safia anamva mawu ake akukwera, ndipo sanawabweze. "Magazi aja anakataya kuseri ndani? Si ine? Anadzaza beseni la ana, bambo a Hasina! Mukadzasanzanso kachiwiri, dzinalo ndi limene lidzakunyamulani? Manyazi anapha lambe."

"Moyo uli m'manja mwa Allah," anatero Che Haruna.

"Nanga makinawo ali m'manja mwa ndani? Mwa Shetani?"

Che Haruna anaimirira. "Alamu, lilime lanulo lisungeni. Nkhani iyi yatha. Mng'ono wangayu sapita."

Safia anayang'ana amuna ake. Iwo anayang'ana kumbali, kumene nkhuku zinkapalasa. Safia anapsa mtima. Anabwerera kuthandala, ndipo masana onse anatembenuza utaka wouma kale, maso ali pa kamzere ka anthu amene ankalowa ndi kutuluka m'galimoto ija. Tsiku loyamba linapita choncho.

M'mawa mwake Safia anasamba, n'kuvala zovala zake za pa Idi: diresi yobiriwira, chitenje chatsopano ndi hijabu yoyera yochita kusita. Anafuna kuti pasapezeke munthu wodzanena kuti sanamuzindikire. Anawaikira amuna ake phala pambali, n'kutuluka. Sanadzere kanjira ka kuseri kodutsa m'minda ya chinangwa ayi. Anadzera pakati pa msika, akupereka moni kwa aliyense, mpaka anakafika pa galimoto ija n'kuima kumapeto kwa mzere.

Patsogolo pake panali Masiye, bambo wowonda wokoka nawo makoka a eni, amene Che Binali anamutayira kachasu kosawerengeka. Anatembenuka, n'kumuyang'ana Safia kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, mwasokera. Mzere wa makuponi si uno."

"Sindinasokere."

"Aaa! Ndiye nanunso…?" Masiye anakweza chala chachikulu kukamwa ngati akupendeketsa botolo.

Safia akanatha kunena kuti waimira odwala kunyumba, ndipo anthu akanamumvera chisoni n'kumusiya. Koma sanabwerere chisoni. Anangoyang'ana kutsogolo, ndipo kusayankha kwakeko kunathamanga mumsika kuposa mawu.

Namwino Chisoni anabwera akugawa timapepala ta manambala. Atafika pa Safia anaima pang'ono, n'kufunsa motsitsa mawu, "Mayi, mwabwerera inu nomwe kapena wina?"

"Lembani kuti Safia."

"Sitilemba mayina, mayi. Timangopereka nambala. Yanu ndi 31. Tikutseka ikakwana 3 koloko."

"Ngati simulemba, ndinena ndekha." Safia anakweza mawu ngati akuitanira malonda. "Ndine Safia, mkazi wa Che Binali osecha maboti. Nambala 31."

Ha, zinali ngati wathira chimanga pakati pa nkhuku! Ogulitsa tomato anasiya tomato, osoka maukonde anasiya maukonde. Anthu anazungulira mzerewo chapatali, aliyense akunamizira kuti akudutsa.

"Kodi kani ndi mkaziyo!"

"Ndiye kuti kachasu uja ankapita kunyumba."

"Hijabu yonseyi! Zoona madzi odikha ndiwo akuya."

Mnzake wina wa pathandala anabwera n'kumukoka chitenje. "Anzanga, mwapenga? Tiyeni tizipita, anthu akukujambulani pa foni." Safia anachotsa dzanja lakelo mwaulemu, n'kumupempha kuti akamuonere utaka, akhwangwala angamalize.

Sipanathe ola, foni yake inalira. Anali Hasina, mwana wake wokwatiwa ku Lifuwu, akulira.

"Amayi, chithunzi chanu chili pa gulu la amayi a kuno. Apongozi anga andionetsa. Akundifunsa kuti kwanu ndi kotere? Amayi, ndiyankhe chiyani? Chokanipo, chonde!"

Safia anakanikiza foniyo kukhutu. Za iye mwini anali atawerengera, koma za mwanayu sanaziganizire. Anaona Hasina ali pakati pa akuchimuna, mutu uli pansi, chifukwa cha mayi ake. Anachita mantha, ndipo phazi lake linasuntha lokha kutuluka mumzere. Kenako anakumbukira kulemera kwa beseni lija m'manja mwake, ndi mmene anakwiririra magaziwo ndi khasu kuti agalu asanyambite. Anabweza phazi.

"Mwana wanga, apongozi ako uwauze kuti afunse ine. Iwe sankha, ulire lero chifukwa cha mayi ako amoyo, kapena ulire mwezi wamawa pa maliro a bambo ako." Anazimitsa foniyo n'kuimanga pakona ya chitenje.

Che Haruna anafika dzuwa litakwera, mkanjo ukuuluka ndi mwera, nkhope ili gwaa.

"Alamu! Chokani pamenepo msanga. Mwatichititsa manyazi okwanira."

"Sindichoka."

"Ndikulankhula ngati mkulu wa banja!"

"Ndakumvani, alamu, ndipo ndikukulemekezani. Koma sindichoka." Safia anawaonetsa kapepala kaja. Sanakuwe, koma sananong'onenso. "Pitani mukawauze ang'ono anu mawu awa, musachotsepo. Nambala yanga ndi 31, ndipo pano walowa wa 14. Ikakwana, ndikwera masitepe awa ine, ndikagona pabedi la m'katimo, andiunike. Ndikatuluka sindidzauza munthu chifukwa chake, mpaka kufa. Doko lonse lidzadziwa kuti mkazi wa Che Binali ndi chidakwa, ndipo ana ake ndi ana a chidakwa. Akuti akusunga dzina? Chabwino. Asankhe loti asunge, lawo kapena langa."

Che Haruna anaona kuti zavuta. Khoswe anali atakhala pamkhate: kumumenya, mkhate usweka, kumusiya, madzi aipa. Anayang'ana anthu ozungulira aja, n'kubwerera njira yomwe anadzera, liwiro lawo losayenera munthu wa msinkhu wawo.

Tsono inayamba ntchito yovuta, yodikira. Mzere unkayenda pang'onopang'ono, chifukwa munthu mmodzi ankatha nthawi m'katimo. Mwera unkaponya mchenga m'maso. Oonerera ena anatopa n'kubwerera ku malonda awo, koma ambiri anakhala, poti zaulere ngati izi sizibwera kawiri.

Chodabwitsa n'chakuti a mumzere anasiya kuseka. Safia atawayang'ana bwino anaona kuti nthabwala zawo zinali zophimbira mantha. Wina manja ankanjenjemera osatha kugwira kapepala. Wina mapazi anali otupa moti anachita kudula nsapato. Masiye anasuntha pa kabenchi kamene kanali mumthunzi wa galimoto.

"Khalani apa, mayi. Dzuwali si la masewera."

"Zikomo, ndaima bwino."

"Khalani, inu. Anyani sasekana zikundu." Anakanda m'mutu. "Ine ndabwera chifukwa mnzanga amene tinkamwera limodzi tinamuika mwezi watha, mimba ili chonchi. Amuna anu ndimadana nawo, sindibisa. Koma matenda aja sindingamufunire munthu."

Safia anakhala. Anamugawira Masiye madzi a m'botolo lake.

Azana ya Zuhuri, yoitanira mapemphero a masana, itamveka kumzikiti, anthu anayang'ana Safia kuti aone ngati tsopano achoke. Iye anapereka kapepala kake kwa Masiye kuti amusungire malo, anatawaza ndi madzi otsala aja, n'kuyala chitenje pamchenga pambali penipeni pa mzere, pansi pa chibotolo chojambula chija. Anaswali pomwepo. Zidakwa zija zinakhala chete zokha popanda wozilamula, ndipo mnyamata wina wogulitsa mandasi atafuna kudutsa kutsogolo kwake, bambo wa mapazi otupa uja anamubweza ndi ndodo kuti azungulire. Popemphera Safia sanapemphe kuti anthu amumvetse. Anapempha chinthu chimodzi, kuti munthu wouma mutu uja adzuke pamphasa.

Nambala 27 inalowa, kenako 28. Safia ankayang'ana njira ya kumsika mpaka maso kuwawa. Kunali njinga, kunali mbuzi, kunali amayi osenza mabeseni. Che Binali kunalibe. Mtima wake unayamba kumuuza zoipa: kuti mwina wawerengera molakwa, kuti mwina mwamuna amene wakhala naye zaka makumi atatu angalole mkazi wake kunyozeka kusiyana ndi kudzitsitsa yekha. Zimenezi zinamuwawa kuposa mawu onse a pamsika.

Masiye, amene anali nambala 30, analowa n'kutuluka ali ndi pepala ndi timapaketi ta mankhwala, nkhope itagwa. Sanapite kwawo. Anakhala pamchenga chapafupi.

"Nambala 31!" anaitana Chisoni ali pakhomo.

Doko lonse linatembenuka kudzaona. Safia anaimirira, n'kukonza hijabu yake. Anali atanena pamaso pa anthu, ndipo madzi akatayika saoleka. Anayenda mpaka pa masitepe achitsulo aja, n'kuponda loyamba.

"Nambala imeneyo ndi yanga."

Mawuwo anali ofooka, koma aliyense anawadziwa. Anthu anapatuka. Che Binali ankabwera wapansi, atavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ndi mzuli, ndodo ili m'dzanja, akupuma akangoponda katatu. Kabaza anamusiya pamsika, chifukwa anati sangafike pamaso pa anthu atanyamulidwa ngati thumba. Che Haruna ankabwera m'mbuyo mwawo, maso ali pansi. Thukuta linali kamukamu pankhope ya odwalayo, ndipo mimba inkatsogola, aliyense akuiona bwinobwino kwa nthawi yoyamba.

Atafika pa masitepe anatembenukira khamu lija.

"Mkazi wanga uyu pakamwa pake sipanadutsepo dontho la mowa. Amene wajambula chithunzi chake afufute. Wodwala ndine."

"Nanga pakamwa panu, Che Binali?" anafunsa wina ali kumbuyo, kobisika.

Che Binali anayang'ana Safia ndi maso achikasu aja, okwiya zedi.

"Mayi a Hasina, ndinu munthu woipa mtima."

"Ndikudziwa. Kwerani."

M'katimo munali mozizira, mukununkha mankhwala. Munali kabedi kopapatiza, makina okhala ndi galasi ngati la wailesi yakanema, ndi firiji yosungiramo magazi. Mnyamata woyendetsa makinawo anawathandiza Che Binali kugona. Chisoni anawafotokozera zonse zimene achite, n'kuwafunsa ngati akuvomera. Iwo anagwedeza mutu, n'kusaina. Kenako namwinoyo anatenga pepala la mafunso.

"Bambo, funso loyamba ndi ili. Pa moyo wanu, munamwapo mowa? Yankho lanu silituluka muno ndi dzina lanu. Koma tikupempha zoona, chifukwa dokotala atsata zimene munene posankha chithandizo."

Che Binali anatembenuza mutu n'kuyang'ana mkazi wawo.

Safia anagwira m'mphepete mwa kabediko. Funso limene linamudya miyezi yonseyi ndi limeneli, ndipo lafunsidwa ndi munthu wina, iye osadetsa pakamwa pake. Chimene ankafunika kuchita n'kungokhala pomwepo, basi, n'kumva. Ankafunitsitsa kumva, asaname. Koma atayang'ana nkhope ya amuna ake anazindikira kuti iye akakhalapo, bamboyu sayankha namwino, ayankha mkazi wake. Kaya yankho loona linali liti, likanatuluka litavala mkanjo. Ndipo iye sanaime padzuwa tsiku lonse kuti dokotala apatsidwe mawu okometsera.

Anawerama n'kuwavula mzuli kuti agone bwino.

"Bambo a Hasina, awa si a padoko, si a kumzikiti, si ine. Auzeni zoona. Ine ndili panja."

Anatuluka, n'kutseka chitseko ndi dzanja lake. Anaima pa sitepe yapamwamba, msana uli kuchitseko, maso ali pa khamu, mzuli wa amuna ake uli m'manja. Ena amene anasendera kufupi kuti amvetsere kudzera m'mazenera anabwerera m'mbuyo okha. Anaima choncho nthawi yonse, ndipo palibe anayerekeza kumufunsa kanthu.

Chitseko chitatseguka, Chisoni anamuitanira m'kati. Che Binali anali atakhala tsonga pabedi akutsitsa mkanjo.

"Mayi, bambowa alola kuti ndikuuzeni za chithandizo. Chiwindi chawo chalimba, ndipo chifukwa cha chimenecho mitsempha ya kummero yatupa. Magazi aja anachokera kumeneko. Dokotala waona zithunzi, wati afike ku Lilongwe mkucha m'mawa, akamange mitsemphayo isanaphulikenso. Dzina lawo lalembedwa kale kumeneko. Mankhwala awa ayambe lero." Anapinda kalata n'kuiika m'manja mwa Safia, ndipo anaugwira mkono wake pang'ono. "Miyezi inayi ija sakanafika. Mwachita bwino."

Safia anaigwira kalatayo ndi manja awiri. Misozi imene anaikaniza pamaso pa doko lonse inatsika tsopano, pamaso pa mlendo. Anaipukuta ndi nsonga ya hijabu, n'kuwaveka amuna ake mzuli.

Panja Che Haruna anali akudikira pansi pa masitepe. Ataona kalatayo anatambasula dzanja.

"Alamu, pepalalo likuti chayambitsa n'chiyani? Bweretsani kuno tiwerenge pompano, anthuwa amve, mabodza athe."

Khamu linasendera. Ngakhale mwera unakhala ngati waima kuti umve nawo.

Safia anaipinda kalatayo kachiwiri, n'kuilowetsa m'kati mwa diresi, pachifuwa.

"Kalatayi alembera dokotala, alamu, sanalembere doko. Amene akufuna kudziwa za chiwindi, manambala akadalipo. Akaunikitse chake."

Masiye anaseka yekha ali pamchenga paja, chiseko chachifupi chothera m'chifuwa. Ena anayang'anizana, n'kuyamba kubalalika mmodzimmodzi, aliyense akukumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya malonda opanda mwini.

Anayamba ulendo wobwerera pang'onopang'ono. Pamimba pa mkanjo woyera uja panali banga lonyowa la mafuta amene anawapaka powaunika, ndipo Che Binali sanaliphimbe. Atadutsa mathandala, pamene panalibenso makutu, anaima kuti apume.

"Simundifunsa zimene ndawayankha?"

"Mwawauza zoona?"

"Zoona zokhazokha."

"Basi. Zimenezo n'zimene ndinaimira."

Che Binali anamuyang'ana nthawi yaitali. Mkwiyo uja unali usanathe, ndipo Safia ankadziwa kuti sutha lero kapena mawa. Analibe nazo ntchito. Munthu wokwiya ndi munthu wamoyo.

Pokwera kachitunda ka kumsika ndodo inayamba kulowa mumchenga. Che Binali anayesa kawiri, n'kulephera. Kenako, pamaso pa ogulitsa tomato ndi osoka maukonde, anachita chimene sanachitepo pagulu zaka makumi atatu za ukwati wawo: anaika dzanja paphewa la mkazi wawo n'kutsamira ndi thupi lonse. Anali opepuka kuposa mmene Safia ankaganizira. Iye analimbitsa phewalo, n'kufupikitsa mapazi ake kuti afanane ndi awo.